Nkhasi yoluma yalowa m'dziwe la kuseri kwa nyumba: kuisiya, kuitchingira, kuisamutsa kapena kuipha?

Amene mukukhala kum'mawa kwa America kapena kum'mwera kwa Canada, ngati munakumba kadziwe ka nsomba zokongoletsera pakhomo, tsiku lina mudzaona kamphuno kosongoka katatulukira pamwamba pa madzi, pansi pake pali chigoba chakuda chomera ndere. Eni dziko amaitcha snapping turtle, akatswiri a zanyama amati Chelydra serpentina. Ife tingoti nkhasi yoluma. Amene anakulira kunyanja, cha ku Mangochi kapena ku Salima, nkhasi akuidziwa, koma ya kwathu ija ndi ya chigoba chofewa, chosalala. Iyi ndi yokhakhala, mchira wake ndi wautali wa mano ngati sowo, zikhadabo zake ndi zochindikala, ndipo mlomo wake ndi wokhota kunsonga. Yokhwima imalemera makilogalamu 5 mpaka 16, ndipo chigoba chimatha kuyandikira theka la mita. Imapezeka kuchokera ku Nova Scotia kutsika mpaka ku Florida, ndi kuloza kumadzulo mpaka m'munsi mwa mapiri a Rocky.

Mbiri yake ndi yoipa kuposa khalidwe lake. Fulu akaopsezedwa amabweza mutu ndi miyendo n'kudzitsekera. Nkhasi yoluma singathe kutero chifukwa chigoba chake chakumimba ndi chaching'ono kwambiri, ntchafu zonse zili pamtunda. Ndiye ikapezeka pouma, yopanda kothawira, imadzuka ndi miyendo, n'kutsegula kukamwa, n'kuponya khosi mwachangu chodabwitsa. M'madzi ndi ina: ikamva phazi la munthu imachoka kapena kudzikwirira m'matope. Achikulire a kum'mwera kwa America amati ikakuluma sikusiya mpaka bingu ligunde. Ndi nthano chabe, monganso ija yoti imadula mpini wa tsache, koma mlomowo umang'amba mnofu mpaka kukasokedwa kuchipatala, choncho simasewera.

Musanasankhe njira iliyonse, tsimikizani kuti wakuba nsomba zanu ndi iyeyo. Nthawi zambiri nkhasi imasenza mlandu wa ena chifukwa ndi yokhayo imene imaoneka masana. Mbalame ya miyendo italiitali yotchedwa heron imabwera m'bandakucha, kumeza nsomba zazing'ono zathunthu, ndipo zazikulu imazisiya ndi bala lobaya pamsana. Raccoon, kanyama koyenda usiku ka mchira wa mizeremizere, kamagudubuza miphika ya maluwa ya m'mbali, kudetsa madzi, n'kusiya mamba ndi mitu pamiyala. Mink, kanyama kowonda kodziwa kusambira, kakhoza kutha dziwe lonse m'masiku ochepa nthawi ya chisanu. Chizindikiro cha nkhasi ndi china: nsomba yamoyo koma yodulidwa chipsepse kapena nthuli ya mchira, ndi akakombo a m'madzi ozulidwa ndi kutafunidwa. Kamera yaing'ono ya alenje yoikidwa pamtengo usiku umodzi kapena uwiri imathetsa mkanganowu. Mukapanda kutero mudzavutika kuchotsa nkhasi, nsomba n'kumapitirira kutha.

Kuisiya

Iyi ndi njira imene anthu amaiona ngati ulesi, koma kwa ambiri ndi yolondola. Nkhasi zambiri zimene zimapezeka m'madziwe ang'onoang'ono a pakhomo ndi zodutsa. Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Juni, zazikazi zimachoka m'madambo n'kuyenda pamtunda, nthawi zina kupitirira kilomita, kufuna dothi lofewa loikiramo mazira. Zina zimasamuka chithaphwi chawo chikaphwa m'chilimwe. Kadziwe ka mamita atatu, kopanda matope okuya, sikangaisunge nkhasi yaikulu. Imapuma, imadya chule mmodzi kapena awiri, ndipo pakatha masiku angapo kapena sabata ziwiri mumangozindikira kuti kulibe.

Komanso sidya nsomba zokhazokha. Ofufuza amene anatsegula mimba za nkhasi mazanamazana ku Connecticut cha m'ma 1940 anapeza kuti pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a chakudyacho linali zomera. Zina zinali nsomba zoyenda pang'onopang'ono, nkhanu, tizilombo ndi zakufa. M'damu lalikulu la kumunda, lokhala ndi nsomba zoswana zokha, nkhasi ziwiri kapena zitatu sizisintha kanthu, ndipo zimathandiza kuchotsa nsomba zakufa zisanawononge madzi.

Pamene njirayi imalephera ndi pa koi, nsomba zazikulu zoweta za maonekedwe owala. Nsomba za koi ndi zodula, zonenepa, zozolowera kudyetsedwa pamanja, ndipo m'dziwe la makoma osalala zilibe kobisala. Kumeneko nkhasi ikhoza kuvulaza nsomba imene mwailera zaka khumi. Ana a bakha nawo imawakokera pansi. Ngati pansi pa dziwe munayala labala, zikhadabo zikhoza kumuboola pamene nkhasi ikuyesa kukumba kapena kukwera. Ndipo ngati pakhomo pali mwana wongoyamba kuyenda, kapena galu wokonda kununkhiza chilichonse, kudikira sabata ziwiri kungakhale kovuta pamtima. Mukasankha kudikira, ikani thabwa kapena miyala yotsetsereka kuti ithe kutuluka yokha. Madziwe ambiri opangidwa ndi pulasitiki yolimba ali ndi makoma oima chilili, moti nkhasi imene mukuiyesa yaliuma ikhoza kukhala yongokanika kukwera. Musaidyetse. Mukangoiponyera nyama ya nkhuku kuti ana aone, mwaipatsa chifukwa chokhalira.

Mpanda

Mwa njira zonse, iyi yokha ndi imene imathetsa vuto la chaka chamawa. Zina zonse zimachotsa nkhasi ya lero, malo n'kutsala otseguka kuti ina ilowe, makamaka ngati nyumba yanu ili pafupi ndi mtsinje kapena dambo.

Mpanda wake safunika kutalika. Malangizo amene amatsatidwa ku Ontario, chigawo cha Canada, potchinga nkhasi m'mbali mwa misewu amanena za masentimita 60 pamwamba pa nthaka ndi ena 10 mpaka 20 okwiriridwa pansi kuti isakumbe. Chofunika kwambiri ndi mtundu wa chotchingira. Nkhasi yoluma imakwera, ndipo amene sanaionepo sakhulupirira: waya wa mabowo akuluakulu wa mipanda ya masukulu imaukwera ndi zikhadabo, mchira utagwira ngati mwendo wachisanu, mpaka kugwera mbali inayo. Choncho gwiritsani ntchito waya wa timabowo ting'onoting'ono, kapena matabwa osalala, kapena khoma la njerwa lopaka simenti, ndipo pamwamba mupindire kunja masentimita angapo kuti ikafika pamenepo isowe pogwira. Yang'anani pansi pa geti. Mpata wolowa chibakera ndi wokwanira nkhasi yaing'ono, ndipo yaikulu imakankha.

Kuipa kwake ndi ndalama, thukuta ndi maonekedwe. Munthu amene anakumba dziwe kuti azilionera ali pakhonde safuna kuliona kudzera mu waya. Ena amabisa mpandawo ndi maluwa, ena amatchinga bwalo lonse m'malo mozunguliza dziwe lokha. Achule akuluakulu nawonso amatsekeredwa kunja. Ngati mukumanga dziwe latsopano, lokwezeka pamwamba pa nthaka la makoma ofika m'mawondo limathetsa nkhaniyi isanayambe. Chenjezo limodzi: musamange mpanda nkhasi idakali m'kati.

Ukonde woyala pamwamba pa madzi, umene anthu amaika poteteza nsomba kwa heron kapena kugwira masamba, si mpanda. Nkhasi ikakodwamo pansi pa madzi imafa, chifukwa imapuma mpweya ngati ife. Mapaipi akuluakulu oikidwa pansi kuti nsomba zizibisalamo amathandiza pa mbalame, koma pa nkhasi ya khosi lalitali thandizo lake ndi lochepa.

Kuinyamula nokha

Apa ndi pamene anthu amavulala, ndipo nkhasi zimavulala koposa.

Musainyamule pamchira. Zithunzi zakale za alenje zimaonetsa choncho, koma mchirawo ndi kupitirira kwa fupa la msana, ndipo makilogalamu khumi akalendewera pamenepo mafupa amaguluka. Nkhasi imaoneka yabwinobwino pochoka, n'kukafa patapita nthawi. Musaipatsenso ndodo kuti ilume kenaka n'kumaikoka pakonkire, chifukwa imasupuka kumimba ndi m'miyendo. Musaigwire m'mbali mwa chigoba ngati mmene timagwirira fulu, chifukwa khosi lake limapindika kubwerera m'mbuyo mpaka kupitirira theka la msana.

Malo ogwira ndi kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa miyendo yakumbuyo, pamene chigoba chili ndi timphako tolowa zala. Valani magolovesi ochindikala, mutu uloze kutali ndi inu, ndipo muinyamule pafupi ndi nthaka. Miyendo yakumbuyo idzapalasa manja anu, idzatulutsa fungo loipa, mwinanso kukukodzerani. Akuluakulu anati kamba amanyera amene wam'tola, ndipo nkhasi iyi mwambiwo imautsatira ndithu. Njira yosavuta kwa amene sanazolowere ndi kugoneka bini yapulasitiki cham'mbali patsogolo pake n'kuikankhira m'kati ndi fosholo yafulati kapena tsache, kenaka n'kuimika biniyo. Wilibala imagwiranso ntchito, ngakhale nkhasi yaikulu imatha kukwera n'kudziponya. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, chifukwa nkhasi zonse zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella.

Zonsezi ndi za nkhasi imene ili pamtunda. Kulowa m'dziwe lamatope n'kumafufuza ndi manja ndi ntchito ya anthu amene anakulira m'zimenezo. M'kadziwe kakang'ono ndi bwino kuchotsa nsomba kaye, kupopa madzi mpaka atsike, kenaka n'kuitola ndi ukonde wolimba wa mpini wautali.

Funso lalikulu limabwera mukaigwira: mupita nayo kuti? Ambiri amaganiza kuti kuiika m'galimoto n'kukaisiya kunyanja yokongola makilomita makumi awiri kutali ndi chifundo. Ine ndimaona kuti mwa njira zosapha, iyi ndi yoipitsitsa. Nkhasi imadziwa dera lake: kumene imagona m'matope nthawi ya chisanu madzi akaundana pamwamba, kumene imaikira mazira chaka ndi chaka. Ikaikidwa kwachilendo imayamba ulendo wobwerera, ndipo ulendowo umadutsa m'misewu, kumene nkhasi zambiri zimafera. Ikapanda kubwerera, ikhoza kusowa malo abwino ogona chisanu chisanafike. Ikhozanso kupititsa matenda, monga ranavirus, kumadzi kumene kunalibe. N'chifukwa chake m'zigawo zingapo za America kusamutsa nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu. Ku Massachusetts, mwachitsanzo, simuloledwa kuchotsa nyama yakutchire pamalo panu n'kukaitaya kwina.

Kusamutsa kumene kuli ndi nzeru ndi kwapafupi: kukaisiya m'mphepete mwa dambo kapena mtsinje umene uli pafupi kwambiri ndi nyumba, kumene mwachionekere inachokera. Kumeneko ndi kwawo. Ikhoza kubweranso, inde, ndipo n'chifukwa chake njirayi imayenda limodzi ndi mpanda. Imbani kaye ku ofesi yoona za nsomba ndi nyama zakutchire ya chigawo chanu, chifukwa malamulo amasiyana mukangodutsa malire.

Msampha

M'damu lalikulu, lakuya, losatheka kupopa, chimene chimagwira ntchito ndi mono wa ukonde: mikombero itatu kapena inayi yachitsulo yokutidwa ndi ukonde wolimba, ya khomo lolowa mosavuta koma lovuta kutulukira. Aliyense amene anatcherapo mono mumtsinje amvetsa msanga. Nyambo yake ndi nsomba yodula, chiwindi cha nkhuku, kapena chitini cha sadini choboola. Kusiyana kwake ndi kumodzi, ndipo ndi kwa moyo ndi imfa: gawo la pamwamba la mono liyenera kutsala kunja kwa madzi kuti nkhasi izipuma. Mangirirani monoyo ku zikhomo ziwiri, ikanimo botolo lapulasitiki lotseka kuti liziyandamitsa denga lake mvula ikakweza madzi usiku, ndipo muzikaona tsiku lililonse m'mawa. Mono woiwalika masiku atatu umapha nkhasi zamitundu ina zosalakwa, zina mwa izo zotetezedwa ndi lamulo.

Mbedza ndi chingwe zimagwiranso, koma nkhasi imameza mbedza mpaka m'mimba, moti njirayi ndi ya munthu amene watsimikiza kale kupha. Ndipo m'malo ambiri kutchera kulikonse kumafuna laisensi ndi kutsatira nyengo yake.

Ngati zonsezi zikukuchititsani nthumanzi, pali anthu a laisensi ochotsa nyama zovutitsa pakhomo. Amadziwa lamulo, ali ndi zida, ndipo zala zanu zimatsala zonse. Amalipiritsa, nthawi zina paulendo uliwonse wodzaona msampha. Afunseni mosabisa kuti nkhasiyo akaitani, chifukwa kumene kusamutsa kuli koletsedwa, yankho limakhala kuipha kapena kuimasula pamalo panu pomwepo. Nkhasi yovulala, yosweka chigoba, ndi ya osamalira nyama zovulala. Ku Ontario kuli chipatala cha nkhasi zokhazokha, Ontario Turtle Conservation Centre, ku Peterborough, ndipo chigoba chosweka chimatha kupola.

Kuipha

Tisanamizane, nkhasi yoluma ndi ndiwo. Ku Philadelphia msuzi wake ndi chakudya chakale chodziwika, ndipo m'zigawo zambiri za America munthu wa laisensi amaloledwa kugwira zingapo panyengo yake. Sindinyoza odya. Koma pali zinthu ziwiri zoti muganizire.

Choyamba ndi cha m'thupi mwanu. Nyama yokhala zaka makumi ambiri m'matope, kudya nsomba ndi zakufa, imasonkhanitsa poizoni monga mercury ndi mankhwala a m'mafakitale otchedwa PCB, makamaka m'mafuta, m'chiwindi ndi m'mazira. Nkhasi ya m'tauni, yokulira m'ngalande zotsika kumafakitale, si yopatsa mayi woyembekezera kapena ana.

Chachiwiri ndi kuwerengera zaka. Kumpoto, nkhasi yaikazi imayamba kuikira ili ndi zaka 15 mpaka 20. Zisa zake zambiri zimafukulidwa ndi raccoon, skunk (kanyama konunkha konga kanyimbi) ndi nkhandwe, nthawi zambiri usiku woyamba womwewo, ndipo tiana timene taswa timadyedwa ndi mbalame, nsomba ndi achule akuluakulu. Mtunduwu umapitirira chifukwa chakuti yaikazi imene yapulumuka imaikira kwa zaka makumi ambiri. Ku Algonquin Provincial Park, malo otetezedwa a ku Ontario, kumene akatswiri akhala akutsatira nkhasi zomwezomwezo kuyambira m'ma 1970, zikuoneka kuti zina zimatha kupitirira zaka 100. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatumbu anapha nkhasi zazikulu zoposa theka m'nyanja ina ya kumeneko, atazipeza zili m'tulo ta chisanu. Patatha zaka zoposa 20 chiwerengerocho chinali chisanabwerere. Umboni wotere ndi umene unachititsa Ontario kuletsa kusaka nkhasi yoluma mu 2017. Choncho nkhasi yaikulu imene ili m'dziwe lanu ikhoza kukhala yakale kuposa nyumba yanuyo, ndipo kuipha chifukwa cha nsomba zitatu zagolide ndi malonda oluza. Kuombera mfuti m'dera lokhala anthu n'koletsedwa pafupifupi kulikonse, ndipo chipolopolo chimatha kudumpha pamadzi.

Kum'mwera chakum'mawa kwa America, m'mitsinje yothira ku Gulf of Mexico, kuli mtundu wina waukulu kwambiri, alligator snapping turtle, wa mizere itatu yaminga pachigoba ndi kanyama kofiira palilime konyengera nsomba. Umenewo ndi wotetezedwa m'zigawo zambiri ndipo kuluma kwake ndi koopsa zedi. Sukonda madziwe a pakhomo, koma ngati mwaupeza, musaukhudze, imbani foni.

Za mankhwala othamangitsira musataye ndalama. Palibe ufa kapena madzi ogulitsidwa amene amaletsa nkhasi, ndipo chilichonse chakupha chimene mungathire m'dziwe chimayamba ndi nsomba zanu.

Nanga ikaikira mazira m'dimba?

Nthawi zambiri nkhani yonse imakhala imeneyi. Mumaiona m'mawa kutagwa mvula, itakumba ndi miyendo yakumbuyo m'bedi la maluwa kapena pamulu wa manyowa, maso ali gwa, osalabadira kalikonse. Imaikira mazira 20 mpaka 40, oyera, obulungira ngati timipira ta ping pong, n'kukwirira, n'kuchoka osabweranso. Sifungatira, siteteza chisa, choncho palibe choopa. Mangirirani galu maola awiri kapena atatu, ntchito ithe.

Mazirawo musawafukule. Dzira la nkhasi likatembenuzidwa mwana wa m'kati amafa, ndipo m'malo ngati Ontario kufukula chisa popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale kuchiteteza pamalo panu kuli kololedwa. Khomani felemu ya matabwa anayi, mukute pamwamba ndi waya wa timabowo, mudule timipata m'mbali toti tiana tidzatulukire, kenaka muikhomerere pansi ndi zikhomo zazitali kuti raccoon asaitukule. Musaike mthunzi kapena kuthirira mwapadera, chifukwa kutentha kwa dothi ndi kumene kumasankha kuti ana adzakhale aamuna kapena aakazi. Amaswa pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, pakatha sabata 9 mpaka 18 malinga ndi kutentha kwa chakacho. Amatuluka ang'onoang'ono, chigoba cha masentimita atatu, n'kulunjika kumadzi. Ngati simukuwafuna m'dziwe la koi, atoleni m'ndowa n'kukawasiya m'madzi osaya, a udzu, a dambo lapafupi tsiku lomwelo. Musasunge kamodzi kuti kakhale choweta. Kamakula, ndipo pakatha zaka zingapo mudzakhala ndi nyama yosagwirika imene simungaimasulenso kutchire.

Zonse zanenedwazi ndi za kumene nkhasiyi ili kwawo. Kumadzulo kwa mapiri a Rocky malangizo amatembenuka. Ku Oregon ndi ku California nkhasi yoluma ndi yobwera, yothawa kapena kutayidwa ndi oweta, ndipo imapikisana ndi nkhasi za kumeneko zimene zikuchepa kale. Mukaipeza m'dziwe lanu kumeneko, itsekereni m'bini n'kudziwitsa a zanyama zakutchire, musaibweze kumtsinje. Chimodzimodzi abale amene muli ku Britain: nkhasi zoluma zimapezeka apo ndi apo m'madziwe, monga ija ya mtundu wa alligator imene inavuulidwa ku Urswick Tarn ku Cumbria mu 2024, ndipo lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kumasulira kutchire nyama imene si ya m'dzikomo. Kumeneko njira yoisiya kapena yokaitula kudambo lapafupi palibe, muyenera kuipereka kwa osamalira nyama.